Nkhuku Yofiira ya Abla Tahany

Ine Wagdy ndine dokotala wa mtundu wa nyama. Sekani ngati mukufuna, abale anga ku Shubra, dera lathu la mu Cairo, anaseka kale mpaka nthiti kuwawa. Sindichiza munthu, sindichiza ng'ombe. Ntchito yanga ndi kutenga nthuli ya nyama, kuidutsitsa pa cheza chopha tizilombo, kenako n'kuiunika ndi kamakina kuti ndione ngati yafiira, yada kapena yatuwa. Nyama ya ng'ombe imakonda kuda, nthawi zina n'kumaoneka ngati yobiriwira. Ya nkhuku imachita zake. Ndinalemba chibuku chonenepa pa nkhani imeneyi, ndipo amene anachiwerenga mpaka kumapeto ndi ine ndi munthu amene anachitaipa. Anthu a mumsewu mwathu akamva kuti pali dokotala amandibweretsera miyendo yotupa, ine n'kuwauza mwaulemu kuti ndikanawathandiza ukanakhala mwendo wa nkhosa.

Sukulu yonseyi anandiphunzitsa ndi achemwali anga, Abla Tahany. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, ndiye Abla anandilera ndi makina osokera, akusoka madiresi a maukwati a anthu ena. Iwowo sanakwatiwe. Ankati anali kale ndi mwana mmodzi wamakani komanso wadyera, ndiye sakanaonjezerapo wina wa ndevu.

Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'magazi. Madokotala enieni, ochiza anthu aja, anati pafunika kuwaika mafuta a m'mafupa a m'bale wawo, ndipo anga ndi amene anagwirizana nawo. Koma asanawaike anayenera kuwawotcha thupi lonse ndi cheza kuti mafuta akalewo afe. Apa ndiye ndinatukumula chifuwa, poti nkhani inali itafika pamunda panga.

"Abla, musaope," ndinatero. "Sizipweteka n'komwe. Ineyo ndimagwira nazo ntchito tsiku ndi tsiku."

Atatuluka m'menemo anasanza mpaka kusowa chosanza, m'kamwa monse zilonda zokhazokha. Kuyambira pamenepo mawu oti cheza analetsedwa pamaso pawo. Munthu akandifunsa za kuntchito iwo ali pompo, ndinkayankha za mpira.

Atawatulutsa m'chipatala tinawatengera kwathu. Thupi lawo linalibe msilikali ndi mmodzi yemwe, ndipo dokotala anatiuza mosabisa kuti kachilombo kamene ife tingangotsegula nako m'mimba, iwo kangawaphe. Chipinda chinkakolopedwa ndi mankhwala, wolowamo ankavala masiki, chakudya chinkawiritsidwa mpaka kuiwala dzina lake. Abla ankachiyang'ana, n'kutembenukira kukhoma. Anaonda mpaka zibangili kumatsetsereka kufika m'zigongono. Dokotala atawayeza pasikelo anapukusa mutu. Anati akapitiriza kutsika chonchi awagonekanso m'chipatala ndi kapaipi ka chakudya m'mphuno.

"Kumeneko sindibwererako ndi miyendo yanga," anatero Abla tili m'galimoto. "Wamva? Mudzachite kundinyamula nditauma." Ndinkawadziwa bwino achemwali anga. Sankalankhula zoti aopseze munthu, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Amene ankakolopa, kuchapa ndi kuwiritsa zonsezi anali mkazi wanga Sawsan, ndipo apa ndi pamene panali minga. Sawsan kwawo ndi ku Port Said. Kwa Abla, anthu a kunyanja amadziwa nsomba basi, china chilichonse akaphika amakhala akuchinamiza. Chilowereni m'banja mwathu, Sawsan anali asanaphikepo chinthu chimene Abla sanachipezere chifukwa: mpunga wafewetsa, therere la molokhia lapyapyala, tiyi ngati madzi otsukira makapu. Naye Sawsan si munthu wosunga mawu m'masaya. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri, ndipo mphunoyo ndinali ine. Komabe nthawi yonse ya matenda ndi iye amene ankawasambitsa, akung'ung'udza pansipansi, iwonso akumuuza kuti sadziwa kugwira thaulo.

Tsiku lina m'mawa Abla anandikodola.

"Ndikufuna nkhuku," anatero. "Osati zouma za m'masitolo zija, zomveka ngati thonje m'kamwa. Yachikuda, yoti ndikudziwa tsiku limene yaphedwa, yowiritsa ndi anyezi ndi tinjere tonunkhira ta habahan ngati mmene ankachitira amayi. Imeneyo mwina ingalowe."

Ndinathamangira kuchipatala ngati ndatola golide. Dokotala anakwinya nkhope. Nkhuku ya pamsika, yophera pa thabwa limodzi ndi zinzake zambirimbiri, sanaikhulupirire, ndipo anati ngati tiiphike tiiwiritse mpaka isungunuke. Ndinadziwa kuti zikatero Abla atembenukiranso kukhoma. Apa m'mutu mwanga munayaka getsi. Ndinamuuza kuti tiiphike bwinobwino monga nkhuku ya anthu, ndiitsekere m'timatumba, ndiiumitse m'firiji, ndikaidutsitse pa cheza kuntchito kwathu, ituluke yopanda kachilombo ngakhale kamodzi. Anaganiza pang'ono n'kuvomera, akuti zipatala zina kunja zimatero. Ndinatsika masitepe a chipatala ndikudziona ngati munthu amene Mulungu anamuphunzitsa za nyama dala pokonzekera tsiku limeneli.

Sawsan sanaombe m'manja. Pa zaka zonse za ukwati wathu anali asanalole ngakhale kanthuli ka kuntchito kwanga kulowa m'firiji yake.

"Chinthu choti anthu amachithawa n'kuchitsekera chitseko cha simenti, ine pakamwa panga ayi," anatero. "Koma ngati dokotala weniweni wavomera, ndiphika. Inu mukawauze Abla."

"Kuwauza chiyani? Akangomva za cheza sadya."

"Ndiye muwadyetsa mowanamiza?"

"Si bodza, ndi kungosatchula. Sangadziwe. Sawsan, zinthu izi ndinaphunzira ine."

"Chabwino, adokotala," anatero, ndipo mmene amatchulira mawu amenewo munthu umamva ngati wakutukwanira amako.

Anapita yekha kwa Umm Ragab, mayi wogulitsa nkhuku kuseri kwa mzikiti, n'kusankha thadzi atagwiragwira zidale za khola lonse. Analiphika ngati akulemba mayeso. Ankachotsa thovu ndi chipande, kulawa, kuyang'ana kudenga, kulawanso. Fungo linadzaza nyumba mpaka ndinakumbuka amayi. Atang'amba chidale chinali choyera mbee mpaka kufupa, chopsa bwino moti ngakhale mdani sakanatsutsa. Ndinagawa nyamayo m'timatumba tiwiri, msuzi m'kena, n'kukoka mpweya wonse ndi makina monga mwa lamulo la ntchito yathu. Zitauma gwa ndinapita nazo kuntchito, abwana anasainira, zinalowa m'chipinda cha simenti pamodzi ndi zoyesera za tsikulo, n'kutuluka zitakutidwa ndi chisanu. Sindinayang'ane m'kati, ndinali wotanganidwa ndi kudzitamanda.

Mawa lake masana tinasungunula kathumba koyamba. Sawsan anakadula ndi sizasi yowiritsa, n'kuima chilili.

"Wagdy. Iyi ndi nkhuku yanga?"

Chidale chija chinali chofiirira, pinki weniweni, ngati nkhuku yangoona moto patali n'kubwerera. Ndinangoti kukamwa yasa. Ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti palibe munthu mu Cairo monse amene ankadziwa chifukwa chake kuposa ine. Cheza chikadutsa m'nyama chimatulutsa timpweya tochepa, mtundu womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweyawo ndi wochepa zedi, sungamuchite munthu kanthu, koma ukasowa potulukira umakakamira ku utoto wa m'minofu n'kuufiiritsa, nyama ipse isapse. Ndipo ndani anatseka potulukira? Zimenezi zili m'mutu wachitatu wa chibuku changa chija, ndi zithunzi zomwe. Ndinakazikambapo pamsonkhano nditavala taye, anthu n'kuomba m'manja.

"Ndi zachibadwa," ndinatero ndi mawu ang'ono. "Yapsa ndithu."

"Ndikudziwa kuti yapsa, ndaphika ndine! Ndikufunsa kuti Abla muwauza chiyani."

Ndinati tiiwiritsenso pang'ono mumsuzi. Pamwamba panatuwa, koma m'kati munakana. Ndinati tiithire tomato.

"Nkhuku ya wodwala m'tomato? Kuti anene kuti kwathu kulibe mwambo? Ya wodwala imakhala yoyera, ngakhale mwana amadziwa."

Ankanena zoona. Kuno munthu akadwala, kaya ndi chimfine kaya wabereka, amamupatsa nkhuku yowiritsa yoyera ndi msuzi wake, ndipo ukaiphimba ndi china chake ndiye kuti pali chimene ukubisa. Nzeru zonse za udokotala wanga zitatha, ndinalowa m'chipinda cha Abla n'kukoka makatani onse, ati dzuwa likuwavutitsa maso. Kenako ndinabweretsa mbale ndikuyenda monyang'ama ngati wakuba.

Abla ananunkhiza. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuchipatala ndinaona akudzuka okha n'kutsamira pilo. Anatenga foloko, kung'amba chidale, n'kuima. Munthu amene wakhala moyo wonse akusiyanitsa ulusi woyera ndi woyererako simungamubisire mtundu ndi katani.

"Tsegula windo."

"Abla, dzuwa..."

"Iwe, tsegula."

Ndinatsegula. Nyama ija inawala pambalepo ngati duwa. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo bola akanakalipa. Anangoika foloko pansi pang'onopang'ono.

"Dokotala anati chosapsa chingandiphe," anatero motsitsa mawu. "Akazi ako anali pompo, anamva. Sindikumuda. Kusambitsa munthu amene sakuthokoza n'kotopetsa. Ndamulemera mwana wa eni. Undipezere galimoto ndibwerere kunyumba kwanga."

Sawsan anali ataima pakhomo pa chipinda, masiki ali kumaso, akundiyang'ana. Inali nthawi yoti mwamuna alankhule. Ndinayang'ana mkazi wanga, ndinayang'ana achemwali anga, ndipo ine, bambo wa digiri zitatu, ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti:

"Mwina gasi anachepa mphamvu."

Sindikudziwa kuti mawu amenewo anachokera kuti. Ndinawamva akutuluka ngati walankhula munthu wina wopusa amene anali atabisala m'malaya mwanga. Sawsan sanakuwe. Anamasula epuloni, kuipinda bwinobwino, n'kuikoleka pa chogwirira cha chitseko.

"Wagdy," anatero, "sitima ya ku Port Said imanyamuka tsiku lililonse. Muwauza inu, kapena ndikafunse nthawi yake?"

Ndiye ndinaulula. Koma poti ndine amene ndili, sindinangoti, "Pepani, ndinaidutsitsa pa cheza." Ndinayamba phunziro. Ndinafotokoza za utoto wa m'minofu, za mpweya, za kathumba kotseka. Ndinajambula ndi chala m'mwamba. Ndinanenetsa kuti cheza sichitsalira m'nyama, monga kuwala sikutsalira m'chipinda ukazimitsa getsi. Ndili pakati pofotokoza kusiyana kwa nkhuku ndi ng'ombe, Abla anakankha mbale ija ndi kunsi kwa dzanja mpaka kumapeto kwa thireyi.

"Chotsa."

"Abla, wallahi n'zotetezeka. Sizingakuchiteni kanthu."

"Unateronso ulendo uja." Sankandiyang'ana, ankayang'ana manja awo. "Ukudziwa mmene zimakhalira m'menemo? Sukudziwa, iwe umaima kunja. Anandigoneka, anandimanga kuti ndisagwedezeke, kenako onse anatuluka. Onse, namwino yemwe. Anayenda mofulumira ngati nyumba ikuyaka. Chitseko chake n'chokhuthala ngati khoma, ndinachimva chikutsekeka. Ndinakuitana, Wagdy. Ndinadziwa kuti sungamve, koma ndinakuitana, ngati mmene iwe unkandiitanira magetsi akazima. Lero ukundibweretsera za m'menemo pambale?"

Zaka zonsezi ndakhala ndikuona chitseko chotero chikutsekeka, khofi ali m'manja, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe za mmene chimaonekera kwa amene ali m'kati. Manyazi anandigwira, ndi chisoni, komanso mantha poti mbale inali itakanidwa ndipo ndinalibenso nzeru ina. Ndinanyamula thireyi kuti ndituluke nayo.

Pakhomo Sawsan anandilanda mbale. Anakoka kampando, kukhala panja pa chipinda pomwe Abla akanatha kumuona bwinobwino, n'kutsitsa masiki. Anayang'ana nyama ija mmene munthu amayang'anira mankhwala owawa.

"Bismillah," anatero, n'kuluma.

"Ukutani iwe?" anafunsa Abla.

"Ndikudya. Ndaimirira m'mawa wonse pa nkhuku imeneyi, sindingaitaye chifukwa cha anthu awiri a ku Shubra, wina wabodza wina wamwano." Anameza, n'kung'ambanso ina. "Ngati ndi yakupha, ndiyambe ndine. Mupeze mpata womukwatitsa mlongo wanuyu kwa mkazi wodziwa kuphika."

"Usandiyankhule choncho m'nyumba ya mlongo wanga."

"Nyumba ndimakolopa ndine. Mmm. Koma ndiye yalowerera. Habahan wakwanira ndendende. Kungoti ena sadziwa, amangoweruza ndi maso."

"Habahan wachuluka. Ndamumva kununkhira ndili kuno."

"Mwalawa?"

"Sindifunika kulawa."

"Ndiye musalankhule za mphika wa eni." Sawsan anaseteka zala mwaphokoso, chinthu chimene sachita ngakhale tili awiri. "Wagdy, kathumba kena kaja kali ndi ntchafu, eti? Katenthetseni, ndimalize zonse. Abla abwerera ku zowiritsawiritsa zawo zija."

Abla anadzuka n'kukhala tsonga. Maso amene anali atazima kwa miyezi anayaka ngati akale, aja ankaopsa makasitomala obweza diresi.

"Ntchafu ya nkhuku yanga? Ndaitanitsa ndine, adye ndi iyeyu? Mwana wa asodzi?" Anatembenukira kwa ine. "Iwe, waima ngati mtengo wa magetsi bwanji? Anandiika mafuta a m'mafupa ako, n'chifukwa chake ndayamba mantha opusa. Katenthetse. Ndimuonetse pamene walakwitsa."

Ndinathamangira kukhitchini. Pa ntchito yonseyi apa pokha ndi pamene ndinagwira bwino: sizasi yowiritsa, mbale yowiritsa, msuzi wotentha. Ndinadziwotcha chala, koma sindinamve mpaka madzulo. Nditabwera nayo, ntchafu nayonso inali yofiirira pafupi ndi fupa, ndipo sindinakokenso katani.

Abla anaiyang'ana nthawi yaitali. Mkangano uja unali utawafikitsa pa foloko, koma kuchoka pa foloko kufika pakamwa unali ulendo wawo okha. Anayang'ana Sawsan, amene anali akutafunabe pakhomo paja, nkhope ili gwa, misozi ikutsika payokha iye osaipukuta. Kenako anatseka maso n'kuika kanthuli m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono chifukwa cha zilonda zija, n'kumeza.

"Anyezi unaika mochedwa," anatero.

"Mawa mudzaphike nokha," anayankha Sawsan.

Anatenga kanthuli kena. Ine ndinaona kuti ntchito yanga yatha, ndipo kunena zoona ndinkafuna kukalira kubafa monga amachitira amuna aulemu wawo. Ndinayamba kubwerera chafutambuyo kulowera kuchitseko.

"Dokotala wa nkhuku, ukupita kuti?"

"Ndimati ndikusiyeni mudye momasuka, Abla."

"Kokera mpando kuno. Pafupi." Anandipatsa kambale koikamo mafupa osandiyang'ana. "Ulendo uno sutuluka."

Ndinakhala pambali pa bedi, kambale kali pamiyendo, masiki atanyowa mpaka kumata pamphuno. Anadya mochedwa kwambiri, nthuli iliyonse ndi dandaulo lake, Sawsan akubweza lililonse ali pakhomo. Msuzi unazizira, dzuwa linachoka pawindo, mwendo wanga unachita dzanzi. Sindinasunthe mpaka anaika fupa m'kambale muja.